Thandizeni, mtima wa amuna anga wafooka ndipo akuti vuto ndi chotupa cha pa impso

Wofunsa (dzina labisidwa): Abale ndasowa mtengo wogwira. Amuna anga mutu umawawawa modzidzimutsa, thukuta kamukamu, mtima kugunda kwambiri, BP kukwera kenako kutsika yokha. Pano miyendo yatupa, akagona chagada amabanika. Adokotala akuti mtima wafooka ndipo scan yaonetsa chotupa pa adrenal, kachiwalo kokhala pamwamba pa impso. Alamu anga akuti ndine ndikuwapatsa maganizo chonsecho kuchipatala sanapondeko, wogona pa benchi ndine, foni sayankha. Nditani?

Wonena Chilungamo: MAGANIZO BASI!! Impso ndi mtima zikugwirizana pati? Azimayi muziwapatsa mtendere amuna anu.

Nesi wopuma: Mayi, akumwa mankhwala anji? Simunanene. Zikumveka ngati pheochromocytoma, chotupa chotulutsa adrenaline wambiri (madzi a m'thupi othamangitsa mtima ndi kukweza BP) ndipo ndi ameneyo amatopetsa mtima. Scan payokha sikwanira, ayeze ma metanephrines (zotsalira za adrenaline) m'magazi kapena mu mkodzo wa maola 24.

Wonena Chilungamo: Mwayamba zizungu zanu. Ine BP yanga inatsika nditangosiya kukangana ndi anthu, asalole mpeni.

Mayi wa atatu: Za alamu musandiuze, anga anandinenera zomwezo malemu amuna anga akudwala, mpaka lero sitilankhulana.

Mnyamata wa jimu: Adrenaline waulere? ena timamufuna kkkk

Mayi wa atatu: Iwe munthu akulira ukuseka, unaleredwa bwanji?

Nesi wopuma: Achimwene Wonena Chilungamo musasocheretse anthu. Chotupachi chimachotsedwa ndi opaleshoni ndipo kwa ambiri mtima umabwereranso mphamvu. Koma opaleshoni isanachitike amayamba kaye ndi mankhwala otsitsa BP otchedwa alpha blocker monga doxazosin kwa masiku 7 mpaka 14. Beta blocker (mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima) monga propranolol akayamba yekha popanda alpha blocker BP imatha kukwera moopsa, nchifukwa ndikufunsa za mankhwala. Musawasiyitse nokha, tengani mapaketi onse mukaonetse adokotala. Akabanika ali chikhalire thamangani nawo usiku omwewo.

Wonena Chilungamo: Ndiye mwavomereza kuti mankhwala ndi oopsa!

Wongodutsa: Nthawi zina matendawa amayenda m'magazi, mufunse ngati ana akufunika kuyezedwa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mapilisi ndi oyera ang'onoang'ono, dzina ndiona mawa. Alamu aja angolemba kuti abwera Loweruka, ndiwayankhe chani?