Kudutsa m'munda wa eni ku England, n'zololedwa?

Nachisale_Sheffield:
Abale, ndigawireniko nzeru. Chitsekereni dziko chifukwa cha mliri wa COVID-19 pa 23 Malichi chaka chino cha 2020, moyo wanga ndi kuntchito, kunyumba, basi. Ndimagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo mwezi wathawu tataya agogo atatu amene ndinkawasambitsa ndekha. Dzulo nditaweruka tulo tinakana, ndiye ndinatsikira ku Rivelin Valley n'kutsata mtsinje mpaka nyumba zinatha. Kunali zii. Madzi okha, ndi tiana ta nkhosa tikuitana amawo. Ndinakhala pamwala n'kulira kaye, kenako mtima unakhala m'malo. Koma kanjirako kanakalowa pageti la munda wa munthu, ine n'kubwerera. Kwathu ku Ntcheu kupezeka m'munda wa eni chimanga chitacha ndi mlandu wa kwa amfumu. Kuno zimakhala bwanji?

MalumeWakuLeeds:
Pepani ndi maliro achemwali. Mukaona pageti palembedwa Public Footpath kapena pali kamuvi kachikasu, dutsani mtima uli phee. Munda ndi wa mlimi, koma njirayo lamulo linaipereka kwa aliyense. Musapatuke, ndipo geti mulisiye momwe mwalipezera. Ng'ombe zoyamwitsa muzizilambalala patali, zija sizidziwa kuti mwatopa. Muziyambira pakhomo wapansi ngati dzulo, osati pagalimoto. Amene anapita pagalimoto kukayenda kumapiri a Peak District dziko litatsekedwa, apolisi a ku Derbyshire anawajambula ndi kandege ka drone, dziko lonse n'kuwaonera.

Achimwene_Joni:
Inu muli pabwino. Kuno ku Johannesburg kuyambira pa 27 Malichi ngakhale kuyendetsa galu kunali koletsedwa. Pa 1 Meyi m'pomwe atilola, koma 6 mpaka 9 koloko m'mawa, osapitirira makilomita 5. Ndiye tonse timatuluka nthawi imodzi, msewu kudzaza ngati msika wa Lizulu. Nkhosa ndiziona kuti?

MayiAwiriDedza:
Kuno khoti linaimitsa lockdown ya masiku 21 ija mu Epulo, koma sukulu n'zotseka ndipo ana andikwana. Ndinayesa zanuzo Lamlungu, kulowera kudambo chimanjamanja, opanda khasu kapena ndowa. Anthu anayi anandifunsa kuti ndataya chiyani. Wachisanu anakauza apongozi kuti mwina tayambana ndi bambo a kunyumba.

Nachisale_Sheffield:
Mayi, mwandiseketsa mpaka mnzanga wachipinda china wagogoda khoma. Malume, kamuvi kachikasu kanalipo, ndinkayesa n'kochenjeza za agalu. Lachinayi sindilowa ntchito, ndikadutsa. "Odi" yekhayo ndikanenabe pageti, kaya kuyankhe nkhosa.