Malume akubwera ku Joni ndipo akufuna kukaona kumene amafulula mowa wa craft: ndiyambire pati?

Wa ku Turffontein analemba kuti:

Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni. Ndakhala kuno ku Johannesburg zaka 7 ndikugwira ntchito yowotcherera zitsulo, ndipo mwezi wamawa malume anga akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzacheza nafe masabata atatu. Malumewa anakulira pambali pa mbiya, chifukwa agogo anga aakazi ndiwo ankafulula masese otchuka m'mudzi mwathu, ndipo iwowa ali mnyamata ndiwo ankatumidwa kukanyika mawere, kuyanika chimera pamphasa ndi kusonkhezera moto pa phala. Atamva kuti kuno kuli timafakitale ting'onoting'ono ta mowa umene amautcha craft, timene mlendo amaloledwa kulowa mpaka pamene pali matanki, anandiuza pa foni kuti chimenecho ndicho akufuna kudzaona ndi maso awo, osati nyumba zosanja za ku Sandton.

Vuto ndi lakuti ine mowa umene ndimaudziwa ndi Green wa kumudzi ndi Castle wa kuno, ndipo m'malo oterewa sindinalowemo. Ndikupempha amene munapitako mundiuze malo oyenera munthu wamkulu wofuna kuona ndi kufunsa mafunso, chimene munthu amaitanitsa akafika, ndiponso mmene tingayendere. Sindikufuna kukawachititsa manyazi malume, komanso sindikufuna kubwera nawo kunyumba ali dzandidzandi.

Mayi wa ku Randburg anayankha kuti:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapite. Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera zakumwa pa malo ena otere kwa zaka zitatu, ndipo anthu ambiri amene ndinawaona akuchoka okhumudwa ankalakwitsa chinthu chimodzi: ankafika n'kuitanitsa tambula yaikulu ya mowa umene sanaulawepo, atangoika pakamwa n'kupeza kuti ukuwawa ngati kwinini, ndalama italowa kale m'madzi. Inu mukafika mukapemphe chimene amachitcha tasting tray kapena flight. Ndi kathabwa kobowola maenje mmene amakhazikamo timatambula 4, 5 kapena 6, kalikonse ndi mtundu wakewake wa mowa, ndipo kathabwa kamodzi kakhoza kukukwanirani nonse awiri poyambira.

Kalawidwe kake kali ndi ndondomeko. Muyambe ndi woyera kwambiri, lager kapena pilsner, umene uli pachibale ndi Green amene mukumudziwayo. Kenako mulawe weiss, mowa wa tirigu umene suoneka mbee koma umakhala ngati wavunduka, ndipo fungo lake limapita ku nthochi yakupsa. Ndikukhulupirira kuti malume adzaukonda chifukwa munthu wozolowera masese saopa mowa wosaonekera mkati. Pambuyo pake pabwere amber ale yofiirira, kenako IPA, mowa wowawa kwambiri, ndipo stout yakuda ikhale yotsiriza. Mukayamba ndi IPA lilime limadzaza ndi kuwawa kwa hops, maluwa amene amathira mu mowa pophika, moti zotsatira zonse zimangomveka ngati madzi. Pakati pa tambula ndi inzake muzimwa madzi pang'ono, ndipo musanamwe muziyamba mwanunkhiza.

Muyang'anenso bolodi imene amalembapo mayina a mowa, chifukwa pambali pa dzina lililonse pamakhala nambala ya mphamvu yake. Castle Lager ndi 5%, pamene IPA zambiri zimafika 6% kapena 7%, ndipo chifukwa zina zimanunkhira ngati zipatso munthu sazindikira kuti zamulowa. Mudye kaye chakudya chokhalitsa m'mimba. Ngati cholinga ndi kucheza ndi wofulula mwiniwake, musapite Loweruka madzulo pamene antchito amangothamanga ndi matambula. Pitani chakumasana malo akangotsegulidwa, ndipo muuze wokuperekeraniyo kuti bambo amene muli nawowa anakulira pa ntchito yofulula mowa kwawo. Ofulula amene ndinagwira nawo ntchito ankasiya zimene akuchita akamva zotero.

Bambo wa ku Roodepoort anayankha kuti:

Mwana wanga, za kalawidwe amayiwa anena zokwanira, ine ndingowonjezera za malo ndi za ulendo. Kwa munthu wamkulu ngati malume ako, ine ndingasankhe Gilroy's ku Muldersdrift, pa Ngwenya Glass Village. Ndi kunja kwa mzinda, pali mpweya wabwino ndi pokhala pamthunzi, ndipo mowa wawo ndi wa kafululidwe ka ku England wokhala ndi mayina osavuta kukumbukira: Favourite, Traditional ndi Serious, umene uli wakuda ndi wolemera kuposa inayo. Anayambitsa malowa ndi Steve Gilroy. Mukafuna ulendo wa tsiku lathunthu pali Black Horse ku Magaliesburg, koma ndi patali ndithu. Ku Pretoria, dera la Silverton, kuli Drayman's imene inayamba mu 1997, imodzi mwa akale m'chigawo chino. Dzina la Mad Giant udzalionanso kawirikawiri m'mashopu. Iwowa anatchukira pa 1 Fox Precinct ku Ferreirasdorp, m'nyumba zakale za nthawi ya migodi.

Koma usanyamuke usanaimbe foni kapena kuona tsamba lawo la Facebook sabata yomweyo. Chiyambire pa 27 March 2020 pamene boma linaletsa koyamba kugulitsa mowa chifukwa cha Covid-19, timafakitale tambiri tinatsekedwa, tina tinasamuka, ndipo tina timatsegula kumathero a sabata kokha. Ine ndinatengapo alendo ochokera ku Zomba kupita pa malo ena amene ndinkawadziwa bwino, titayenda pafupifupi ola lathunthu, n'kukapeza geti lili ndi loko ndi udzu utamera pakhomo. Manyazi a tsiku limenelo sindinawaiwale.

Chinthu chimene ndikukupempha ndi mtima wonse ndi cha galimoto. Lamulo la dziko lino limati woyendetsa asafike pa magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo timatambula tating'ono tija tikaphatikizana timakufikitsa pamenepo usanadziwe. Ndife alendo m'dziko la eni, ndipo mlandu wotere umakhudza ntchito ndi mapepala omwe. Sitima ya Gautrain sifika ku Muldersdrift, choncho upeze mnzako wosamwa akuyendetseni, kapena mukwere Uber kapena Bolt, koma ukonzeretu za pobwerera chifukwa kunja kwa mzinda galimoto zotere zimachedwa kupezeka kukada.

Wophunzira wa ku Braamfontein anayankha kuti:

Bambo a ku Roodepoort, malo amene mwatchulawa ndi abwino, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono. Malume amenewa sakubwera kudzafuna mowa wa ku England. Akubwera ndi nzeru ya chimera m'mutu mwawo, ndipo ulendo udzawakomera ngati adzaona kuti zimene zikuchitika m'matanki onyezimira aja ndi zomwe zija ankachita ndi amayi awo. Ine ndikuphunzira za sayansi ya chakudya, ndipo tsiku loyamba kulowa mofululira mowa ndinadabwa kuti palibe chachilendo. Chimene iwo amachitcha malt ndi chimera, kungoti ndi cha balere: amanyika mbewu, imamera, amaiumitsa n'kuikonola. Akatero amachisakaniza ndi madzi otentha madigiri pafupifupi 65 kwa ola limodzi kuti ufa usanduke shuga, ndipo madzi otsekemera amene amatuluka pamenepo, otchedwa wort, ndi m'bale wake wa thobwa. Achimwene a ku Turffontein, mukapemphe kuti malume alaweko wort ngati tsikulo akufulula, komanso atafuneko timbewu ta malt. Ofulula ambiri amakhala nato m'timabotolo ndipo sakaniza.

Kusiyana kuli pawiri. Koyamba ndi hops, maluwa obiriwira amene amaponyedwa pophika kuti apereke kuwawa ndi fungo komanso kuteteza mowa kuti usaonongeke msanga; kuno amalimidwa ku George, ndipo mitundu ina ya konkuno ndi African Queen ndi Southern Passion. Kwachiwiri ndi kwakuti masese amamwedwa akadali kuwira ndipo amasasa m'masiku ochepa, pamene uwu amauthira yisiti yosankhidwa, n'kuudikira umalize, ale sabata imodzi kapena ziwiri ndipo lager masabata angapo pozizira, kenako amaulekanitsa ndi zotsalira zake. Funso lina limene lingatsegule macheza ndi la madzi: Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, moti madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94 osati 100, ndipo wofulula wa kuno amayenera kuganizira zimenezi poyeza hops wake.

Ndikupemphanso kuti mufunefune mowa wa Tolokazi. Mwini wake ndi Apiwe Nxusani-Mawela, mayi woyamba wachikuda kukhala ndi fakitale yaing'ono ya mowa m'dziko muno. Fakitale yake, Brewsters Craft ku Roodepoort, inagwa chifukwa cha ziletso za nthawi ya Covid-19, koma dzina la Tolokazi analipitiriza, ndipo pakati pa mowa wake pali pilsner yothira mapira. Kwa munthu amene anaphunzira kufulula mowa kwa amayi ake, botolo limenelo lili ndi tanthauzo. Palinso Soweto Gold, umene anayambitsa ndi Ndumiso Madlala ndipo unkafululidwa pa Ubuntu Kraal ku Orlando West, ngakhale kuti Heineken inaugula mu 2017 ndipo ena amati suyeneranso kutchedwa craft. Ine ndimautchulabe chifukwa cha mbiri ya mzinda uno: azigogo athu amene anabwera pa Wenela sankaloledwa kugula mowa wa m'botolo ngati Castle mpaka mu 1962, ngakhale kuti unkafululidwa mu Johannesburg momwemuno kuyambira m'ma 1890. Iwo ankamwa umqombothi, masese a kuno, m'ma beer hall a khonsolo kapena mobisa m'ma shebeen. Malume a msinkhu umenewo ayenera kuti anamvapo nkhanizi kwa matchona a m'mudzi.

Mayi wa ku Randburg anawonjezera kuti:

Ndinaiwala za mtengo. Tambula ya craft imadula kuposa mowa wa pa tavern chifukwa amafulula pang'onopang'ono ndipo hops wina amachokera kunja, choncho muone mitengo pa menu yawo musanapite, ndipo muwerengere chakudya, ulendo ndi tipi ya 10% ya wokuperekerani. Malo awiri pa tsiku ndi okwanira. Atatu amatopetsa munthu wamkulu.

Wa ku Turffontein anayankha kuti:

Zikomo kwambiri Mayi, Bambo, ndi inu achimwene a ku Braamfontein. Ndalankhula ndi mlamu wanga amene samwa, ndipo wavomera kutiyendetsa Loweruka lachiwiri malume akafika. Tidzapita ku Muldersdrift chakumasana, ndipo ndidzaimba foni Lachitatu kufunsa ngati wofulula adzakhalepo ndiponso ngati angatilole kuona matanki. Tolokazi ndiyamba kuifunafuna sabata ino kuti tidzalawire kunyumba. Malume nditawafotokozera za wort ija aseka, ndipo ati anyamula chimera cha mawere pang'ono m'chikwama kuti akamuonetse wofululayo, ngati a pa chipata cha Beitbridge angawalole kudutsa nacho. Kodi alipo amene anadutsapo ndi chimera kapena ufa posachedwapa, kuti ndiwauze zoona asananyamuke?