Madzi a nkhuku akuundana ndili ku ntchito, kodi chitini cha babu chingathandize?

Mayi wa ku Aviemore

Abale oweta nkhuku kumaiko ozizira kuno, ndigawireniko nzeru. Ndimakhala kufupi ndi Aviemore ku Scotland, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi nkhuku zisanu ndi imodzi zoikira mazira. Chilowereni Disembala chisanu chafika povuta. Usiku kukumafika madigiri -8, ndipo masiku ena dzuwa limalowa kusanadutse pa 0.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndimanyamuka kusanache n'kubwera usiku. Pochoka ndimazisiyira madzi ofunda, koma mwana akamaweruka kusukulu amapeza auma gwa, nkhuku zitazungulira chomwera zikungojompha pamwamba ngati pagalasi. Akathira ena zimachita kulimbirana. Zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa chiweto chili m'manja mwako sichiyenera kuswera ndi ludzu. Mazira nawonso achepa.

Mnzanga wa kuntchito akuti anthu amaika babu m'chitini cha mabisiketi n'kukhazika chomwera pamwamba. Chitini ndili nacho. Koma babuyo akhale wa mawati angati? Sichingayatse khola? Chomwera changa ndi chapulasitiki.

Wamagetsi wa ku Leeds

Achemwali, chitini chimathandiza ndithu, koma ntchito yanga ndi yamagetsi, choncho ndilankhula mosabisa.

Kapangidwe kake sikovuta. Mumaboola m'mbali mwa chitini, kulowetsapo chogwirira babu, babuyo n'kugona chopingasa mkati osakhudza pansi kapena chivindikiro. Mukatseka, chivindikirocho chimafunda, ndiye mumakhazikapo chomwera. Wa mawati 25 amakwana chisanu chapakatikati, koma kwanu kumapiriko tengani wa 40. Musapitirire pamenepo. Cholinga si kuwiritsa madzi ayi, n'kungoti asafike pa 0.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: babu wa LED sathandiza, chifukwa satentha. Pakufunika babu wachikale uja wa kawaya kofiira mkati, amene mphamvu yake yambiri imathera pa kutentha osati kuwala. Oterowo a m'nyumba anasiya kugulitsidwa kuno ku UK, koma a mu uvuni akadalipo, a mawati 15, 25 ndi 40, ndipo anapangidwa kuti azipirira kutentha. Wa 40 akayaka maola 12 amadya pafupifupi theka la yuniti basi.

Tsono choopsa. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, chitini n'chachitsulo, pamwamba pali madzi, pansi n'ponyowa. Waya akadyeka pabowo paja, chitini chonse chimakhala ndi magetsi, ndipo wochigwira ndi mwana wanuyo. Choncho pabowo pakhale mphira yoti waya asakhule pachitsulo, chitini chilumikizidwe ku waya wa earth, uja wopititsa m'nthaka magetsi osochera, ndipo soketi ikhale ndi RCD ya 30 mA, kachipangizo kamene kamadula magetsi pompopompo akayamba kudutsa pena. Ngati mawu amenewa akukuzunguzani mutu, musamange nokha. Itanani wodziwa, kapena mugule chotenthetsera chopangidwa kale.

Chomwera chachitsulo ndiye chabwino, chimalandira kutentha msanga. Chapulasitiki ena amachiika, koma muyambe mwayatsa chitinicho kwa ola limodzi m'khitchini n'kuika dzanja pachivindikiro. Ngati dzanja silingakhalepo, pulasitiki nayenso asakhalepo.

Wa pafamu ku Free State

Mayi, ine ndimagwira ntchito pafamu cha ku Bethlehem kuno ku South Africa. Juni ndi Julayi madzi amauma m'mipope mwenimweni. Kumakola kwathu kulibe magetsi, ndiye timachita chonchi: tayala lakale la galimoto, mkati mwake timaphathikamo udzu wouma kuti thithithi, pakati n'kuikapo beseni lakuda la mphira. Pansi pa beseni timatsamiritsa thabwa kuti lisagunde dothi lozizira. Timaliika poti dzuwa likangotuluka liyambe kuwomba pomwepo. Chakuda chimakoka dzuwa, udzu umasunga kutentha, ndipo madzi ambiri sauma msanga ngati ochepa. Akaumabe mumangopinda beseni, chibuma chonse n'kugwa, pamene chapulasitiki chimang'aluka.

Kaya kwanu kuthandiza kwambiri, chifukwa ife masana dzuwa limawala mwamphamvu ngakhale kuzizire. Koma zinthu ziwiri ndikuchondererani. Musathire mchere m'madzi akumwa poti asaume, mchere wambiri umapha nkhuku. Ndiponso kandulo kapena nyali ya palafini musayerekeze kuika pansi pa chomwera. Khola ndi udzu, nthenga ndi fumbi, ndipo nkhuku imodzi ikangouluka n'kugubuduza, mupeza phulusa.

Gogo wa ku Winnipeg

Mwana wanga, kuno ku Manitoba m'dziko la Canada Januwale amatifikitsa pa -30, ndipo mdzukulu wanga amaweta nkhuku kunja kwa mzinda. Chitini kuno chimagonja. Iye amagwiritsa ntchito buloko ya simenti ya mabowo awiri ija, babu m'bowo, pansi ndi pamwamba matayilosi. Imalemera, nkhuku sizingaigwetse, komanso simenti imasunga kutentha kwa kanthawi magetsi akathima. Amalumikiza kudzera pa kapulagi kotchedwa Thermo Cube, kamene kamayatsa kokha kukafika pafupifupi madigiri 2 n'kuthimitsa pa 7. Iko kanapangidwira magetsi a kuno, musakagule, koma funsani m'masitolo a zaulimi kwanuko za pulagi yoyaka yokha kukazizira.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi malo oika madziwo. Asakhale m'kanyumba kogona nkhuku. Madzi ofunda amatulutsa nthunzi, nthunziyo imanyowetsa mpweya, ndipo chinyezi ndi chimene chimapsereza tsumba lofiira la pamutu mpaka nsonga zake kuda bii. Nkhuku youma imapirira kuzizira kwambiri, nthenga zake zimakwana. Ikani chomwera panja pamene zimaswera, pansi pa denga, ndipo mabowo opitira mpweya a pamwamba pa khola musatseke ngakhale mtima ukuuzeni kuti zikuzizidwa. Usiku nkhuku sizimwa, zikakwera pamtengo zagona basi, ndiye madzulo tayani madzi, chomwera chigone m'nyumba.

Za mazira musadandaule kwambiri. Zoona, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a dzira ndi madzi, ndipo thadzi losowa madzi limasiya kuikira. Koma limafunanso kuwala kwa maola ngati 14 pa tsiku kuti liziikira bwino, pamene kwanuko Disembala tsiku silikwana ndi maola 7 omwe. Mukakonza za madzi mazira akapanda kuchuluka, dikirani Febuluwale ndi Malichi masiku akayamba kutalika.

Mayi wa ku Aviemore

Zikomo nonse, agogo mwanditsitsa mtima pansi pa nkhani ya mazira. Ndasankha buloko, popeza nkhuku zanga zimakonda kukwera pachilichonse. Chomwera chachitsulo ndikagula Loweruka ku Inverness. Achimwene a ku Leeds, khola lili mamita 15 kuchokera pakhomo la khitchini. Ndingadutsitse waya wautali wa m'nyumba uja pawindo?

Wamagetsi wa ku Leeds

Wa m'nyumba ayi, achemwali. Gulani waya wolembedwa kuti ndi wa panja, umodzi wokwana mtunda wonse, wopanda polumikiza pakati. Pamene pulagi ikumana ndi soketi pakhale m'kabokosi kosalowa madzi, kopachikidwa pakhoma osati kogonekedwa pansi. Wayayo asapanidwe ndi windo, ndipo mbali yolowa m'khola muidutsitse m'paipi yapulasitiki chifukwa cha makoswe ndi milomo ya nkhuku. RCD ili ndi kabatani kolembedwa Test. Muzikadina kamodzi pa sabata, ndipo tsiku limene sikadzadula magetsi muzule pulagi, muitane wamagetsi wa kwanuko adzakuikireni soketi yeniyeni ya panja.