Za bambo ndi chiwindi chija

Zikomo nonse amene munayankha nditafunsa ngati manjano angateteze chiwindi cha bambo, omwe anapezeka ndi ayironi wochuluka m'thupi. Tinatsatira amene munati tibwerere kuchipatala kuno ku Nkhotakota tisanagule zamabotolo.

Adokotala anati curcumin wa m'manjano amagwiradi ayironi, koma kafukufuku wambiri anachitikira pa makoswe, ndipo makapisozi ake aononga kale ziwindi za anthu ena. Wothira m'ndiwo alibe vuto.

Gwero la ayironi wochulukayo ndi masese ophikidwa m'migolo yachitsulo. Bambo asiya, ngakhale monyinyirika. Kuchipatala akumawachotsa magazi pang'onopang'ono kuti ayironi achepe, ndipo kutopa kumene anali nako kwachepa.

Ngati zakugwerani, yezetsani ferritin (puloteni yosonyeza kuchuluka kwa ayironi m'thupi), ndipo musamwe mapiritsi owonjezera magazi mwachisawawa. Tiyi pa chakudya amachepetsa ayironi wolowa m'thupi.