Za $900 ya m'thumba la zangozi

Msungichuma: Asalamu alaikum nonse. Titagawana masheya a gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama Loweruka, m'thumba la zangozi mwatsala $900. Awapampando akuti isagawidwe, tigule thanki ya madzi tiike pa mjigo wa pamzikiti, ikhale wakfu, chuma choperekedwa m'njira ya Mulungu kuti chizithandiza anthu mpaka kalekale. Yankhulani.

Abiti Saidi: Ine ayi. Mwezi wamawa ndikubwerera kumudzi ku Mangochi, pa basi sakwera ndi thanki. Tilipo 18, yanga $50 mundipatse.

Wapampando: Achemwali, tamvani kaye. Umar, mnzake wa Mtumiki Muhammad (SAW), atapeza munda ku Khaybar anafunsa Mtumikiyo chochita nawo, anauzidwa kuti mundawo ausunge, zokolola zikhale sadaka. Sugulitsidwa, supatsidwa munthu, ana sagawana. Uthman naye anagula chitsime cha Rumah ku Madina kuti aliyense atunge. Ife kuno ku Glen View mu Harare mpopi umatha sabata uli gwa, ndipo kolera ya 2008 ndi ya 2018 tonse tinaiona. Otunga azipereka kangachepe pa ndowa, ndalamayo izithandiza maliro ndi fizi ya ana amasiye.

Nabanda: Ine ndine wa CCAP koma ndimasonkha mofanana nanu. Thanki ikakhala mkati mwa mpanda wa mzikiti, kiyi azisunga ndani? Ndisadzapezeke ndikugogoda pageti ndi chigubu changa.

Wapampando: Mpopi utulukira kunja kwa mpanda, mayi. Madzi a wakfu safunsa munthu chipembedzo.

Che Mdala: Ndalama yosungidwa ine ndinasiya kuikhulupirira. Bungwe lathu la maliro linasonkha zaka zambiri, pofika 2008, dola ya Zimbabwe itatha mphamvu, ndalama yonse siinakwane ndi bokosi limodzi. 2019 madola a kubanki anasanduka RTGS, ndalama ya kuno yosachedwa kugwa, tili maso. Thanki idzakhala thanki, kaya kuli ndalama ya ZiG kaya kwabwera ina.

Abiti Saidi: Ankolo, zonsezo ndamva. Koma malamulo athu amati wotuluka atenge gawo lake. Mlembi, ndikunama?

Mlembi: Simukunama, zili m'kope.

Che Yusufu: Pepani awapampando, pali ziwiri zomwe mwalumpha. Wakfu munthu amapereka chuma chake mwa kufuna kwake. Mavoti sangasandutse $50 ya Abiti kukhala sadaka mtima wawo ukukana. Chachiwiri, m'thumbamo simunalowe chiwongoladzanja cha ngongole? Ngati muli riba, chiwongoladzanja choletsedwa m'Chisilamu, Shehe akana poyera.

Msungichuma: Mulibe. Chiwongoladzanja chinapita ku masheya. Umu muli zosonkha za pamwezi ndi zindapusa za ochedwa basi, tsamba lililonse ndingakuonetseni.

Nabanda: Zindapusa zambiri n'zanga zimenezo. Yanga ilowe, koma tilembe pepala: oyang'anira akhale awiri, wina wa kumzikiti wina wa ife, ndipo azitiwerengera zolowa mwezi ndi mwezi. Gulu likadzatha thanki isadzapezeke kuseri kwa nyumba ya munthu.

Wapampando: Che Yusufu anena zoona, sindikakamiza munthu. Ofuna alembetse kwa mlembi.

Mlembi: Pakadali pano ovomera 13, ofuna gawo lawo 3, awiri sanayankhe. Ndiye kuti tili ndi $650. Che Mdala, mawa mudutse kwa ogulitsa mathanki mufunse mtengo pamodzi ndi sitandi yake.

Abiti Saidi: Zikomo. Yanga ndidzatenga Lachisanu tikaweruka Juma, ya pamanja, osati ya pafoni.