Thandizeni abale: CNC yanga sibwerera pamalo amodzimodzi ndikachita homing

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Chipata, ndili ndi kashopu ka ukalipentala chakufupi ndi Kapata. Chaka chatha ndinagula CNC router yakale (makina osema matabwa molamulidwa ndi kompyuta), yoyendera pulogalamu ya GRBL 1.1 pa kabodi ka Arduino Uno, mamota a NEMA 23, ndipo ku Y alipo awiri okoka malamba. Ndimasemera maluwa pa zitseko za mukwa.

Vuto langa limabwera malaiti akazima ntchito ili pakati. Akayaka ndimatumiza $H (lamulo la homing, loti makina apeze ziro yake pogunda maswichi), makina amapita pakona yake bwinobwino, G54 yanga (malo oyambira ntchito amene ndinasunga) ili momwemo, koma biti ikalowanso m'thabwa siponda pomwe inasiyira. Sabata yatha zinandiwawa kwambiri. Chitseko chinali chitadya maola asanu, duwa la pakati litatsala theka. Nditapitiriza, panatuluka kamzere kodutsa pamasamba onse, koti ukayendetsa chikhadabo chimakodwa. Ndinakhula ndi sandipepa mpaka madzulo, koma mukwa subisa chilema, vanishi ikangolowa kamzereko kamaonekera poyera. Mwini chitseko ndi mayi wachikulire amene anandikhulupirira, ndipo thabwa lotero silitsika mtengo masiku ano.

Maswichi ndi timakina tating'ono tija ta kachitsulo katali kokhala ndi kawilo kumapeto, imodzi pa axis iliyonse. Manambala a homing mu GRBL ndi awa: $24=200 (liwiro loyandikira swichi), $25=1000 (liwiro lofunira swichi), $27=1 (mtunda wobwerera ikagunda swichi). Kodi ndigule ma proximity sensor (maswichi ozindikira chitsulo osachigunda) ku Lusaka, kapena pali china chimene ndikulakwitsa?

Wa ku Lilongwe:
Achimwene, musathamangire kugula. GRBL imagunda swichi kawiri. Koyamba imathamanga ndi $25 kuti ingoipeza, kenako imabwerera pang'ono ndi kuyandikiranso ndi $24, ndipo kugunda kwachiwiriko ndi kumene kumaika ziro. Inu mwaika 200, pamene GRBL imabwera ndi 25 mm pa mphindi. Bwezerani 25, $27 muikweze ifike 3 kuti swichi izimasukiratu. Kachitsulo katali kaja kamapindika, ndipo utuchi ukalowa pa kawilo, malo odinira amasuntha. Kachotseni, gantry (mlatho woyenda wonyamula biti) izigunda kabatani kenikeniko, ndipo muone ngati mabawuti a swichi ali olimba.

Wa ku Katete:
Onaninso mawaya bambo. Ngati adutsa limodzi ndi a spindle (mota yozunguza biti), phokoso la magetsi lochokera ku VFD (kabokosi koyendetsa spindle) limanamiza Arduino. Lumikizani maswichi mwa NC (normally closed, okhala otseka mpaka atagundidwa), mugwiritse waya wa shield.

Mwini funso:
Zikomo akulu. Koma pochita homing spindle imakhala yozima, ndiye kodi phokosolo lingachokerebe kumeneko? NC ndichita ndithu, chifukwa waya ukaduka makina amadziwa.

Wa ku Ndola:
Mwati mamota awiri ku Y koma swichi imodzi? Ine mtima wanga uli pamenepo. Malaiti akazima, mamota amasiya kugwira, ndipo lamba salimbana ndi munthu, mbali imodzi ya gantry imatha kusuntha ngakhale mwangoitsamira. Akayaka, mota iliyonse imalumphira pa sitepe yoyandikira payokha. Swichi imodzi ija imangokonza mbali yake, inayo imatsala pomwe ili, gantry n'kukhala yopendekeka. Homing imaoneka yabwino koma sikweya yapita.

Yesani chonchi. Bwerekani dial indicator (chida choyezera cha singano) kwa anzanu a pa lathe, muimange patebulo kumbali ya swichi. Chitani $H, pitani pamalo amodzi, lembani, kakhumi. Kenako muisamutsire mbali inayo, koma uku muzizimitsa makina onse pakati pa kuyesa kulikonse. Manambala adzakuuzani okha. Ikakhala nkhani ya sikweya, GRBL 1.1h ili ndi njira ya dual axis, yoti mota iliyonse imaima pa swichi yakeyake, koma muyenera kuitsegula mu config.h ndi kuikanso pa Arduino. Ma proximity sensor ndi abwino pa fumbi, komabe ambiri amafuna 6 mpaka 36 V, simungawalumikize ku Arduino ya 5 V popanda chotchinjiriza ngati optocoupler, ndipo vuto la swichi imodzi sangalithetse.

Mwini funso:
Ndabwera ndi zotsatira abale. Nditatsitsa $24 ndi kuchotsa kachitsulo, mbali ya swichi singano ikusiyana 0.03 mm basi. Pansi pa kawilo ndinapezadi utuchi wofiira utaumbika ngati phala. Mbali inayo, ndikazimitsa ndi kuyatsa, inafika 0.4 mm, ndipo mnyamata wondithandiza wavomera kuti amakankha gantry posesa malaiti akapita. Akulu a ku Ndola munaona patali.

Pakali pano ndamanga timatabwa tiwiri kumapeto, ndikumakankhira gantry pamenepo ndisanayatse. Ndatsala ndi funso limodzi: pa CNC shield yanga mota yachiwiri ya Y ili pa malo a A, yolumikizidwa ndi majampa. Ndikatsegula dual axis, majampawo ndiwasunthire pati, ndipo swichi yachiwiriyo ndiilumikize pa pini iti?