Mapointi 14 koma dzina lake palibe ku yunivesite, kodi abwereze Folomu 4?

Membala wobisa dzina:

A admin, chonde ndibiseni dzina chifukwa nkhaniyi ikukhudza mwana. Anthu a pagulu pano, paja safunsa anadya phula, ndiye ndabwera.

Ine ndine telala, ndimasokera pakhonde la shopu ina ku Bangwe, koma kwathu ndi ku Ntcheu. Mlongo wanga anatisiya mwana wake wamkazi ali Sitandade 6, ndipo kuyambira pamenepo fizi, yunifomu, makope, zonse zakhala zikutuluka m'makina anga osokerawa. Mwanayu waphunzira pa CDSS ina kumudzi konko, sukulu yoti labu kulibe. Koma wakhoza MSCE ndi mapointi 14, pasukulu yawo palibe anamuposa. Tsiku la zotsatira agogo ake anapha tambala. Ine ndinatsika ku Limbe n'kugula sutikesi, bulangete ndi ndowa, mumtima ndikuti za yunivesite zatheka basi.

Mayina a osankhidwa ku mayunivesite aboma atatuluka ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ndinasiya diresi la kasitomala lili pasingano, n'kugula bandulo. Ndinafufuza ndi dzina la bambo ake, palibe. Ndi dzina lake loyamba, kunatuluka ana a eni okhaokha. Ndinabwereza katatu mpaka foni kutentha. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti mnzake wa kalasi imodzi, wa mapointi 19, amutenga ku Mzuni kukachita za uphunzitsi. Si nsanje ayi, mwana ameneyonso ndi wovutika. Koma 14 ndi 19, wakhoza bwino ndani?

Panopa ndili ndi maganizo atatu. Kumutenga abwere kuno adzabwereze Folomu 4 pa pulaiveti kuti mapointi atsike. Kumusiya adikire chaka chamawa. Kapena kumva za bambo wina amene wandiimbira kawiri, akuti ali ndi munthu wamkati amene angalowetse dzina pa mndandanda wachiwiri ndikapereka K300,000. Za yunivesite ya pulaiveti musatchule n'komwe, makina amodzi sangakwanitse. Ndithandizeni nzeru.

Mphunzitsi wa sekondale, Kasungu:

Achimwene, pepani. Tisanalankhule zambiri, tiuzeni zinthu ziwiri: magiredi ake phunziro lililonse, komanso mapulogalamu amene munalemba pa fomu, mwandondomeko yake.

Membala wobisa dzina:

Zikomo aphunzitsi. Chichewa 1, Agriculture 2, Bible Knowledge 2, Geography 3, English 3, Biology 3, Masamu 5, Chemistry 5, Physics 6. Pa fomu tinayamba ndi udokotala ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo, kenako pharmacy, kenako unamwino komweko, kenako civil engineering ndi accountancy ku MUBAS, chomaliza medical microbiology ku MUST.

Mphunzitsi wa sekondale, Kasungu:

Eya, nkhani yagona pamenepo. 14 ameneyo wachokera ku maphunziro 6 amene anakhoza bwino koposa kuphatikizapo English, ndipo mukaona, amene amukweza ndi Chichewa, BK, Agriculture ndi Geography. Koma pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imayang'ana. Udokotala ndi pharmacy amafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Engineering ndi Masamu ndi Physics. Kumeneko mwana wathu wanyamula 5, 5 ndi 6. Ndi makirediti ndithu, sanalakwe, koma pamzere womwewo paima ana a ku masukulu aboding'i ndi amishoni amene ali ndi 1 ndi 2 m'maphunziro omwewo, ndipo malo ake ndi ochepa kwambiri.

Mnzake wa 19 uja sanapikisane naye n'komwe. Iye anaima pamzere wina, wa maphunziro amene anali nawo mphamvu. Inu mapulogalamu onse 6 munawaika pamizere yothinana yokhayokha, simunasiye ngakhale umodzi wopumirapo. Chaka ndi chaka ndimawauza a Folomu 4 kuti awiri oyamba lembani zamaloto, otsatirawo lembani mutayang'ana satifiketi yanu, osati ya mnzanu. Koma fomu ikafika kunyumba amalume ndi azakhali amailanda.

Mnyamata wa kabaza, Mponela:

Bwana musavutike, imeneyo ndi quota, kusankha ana potengera boma limene akuchokera. Ntcheu anthu ophunzira achuluka.

Wophunzira wa ku Chanco:

Ayi akulu, quota boma linaithetsa mu 2020. Tisamamuwonjezere malumeyu maganizo. Zimene anena aphunzitsi pamwambapa ndi zoona, ineyo ndinalowa ndi chisankho changa chachinayi.

Gogo wopuma pantchito, Zomba:

Mwana wanga telala, ndikuyankhe ngati munthu amene anaona zinthuzi zikuyamba. University of Malawi inatsegulidwa mu 1965 ndi ophunzira 90 okha, ku Chichiri, Chancellor College isanasamukire kuno ku Zomba mu 1973. Nthawi yathu masekondale anali owerengeka, wofika Folomu 4 ankadziwika mudzi wonse, ndipo boma linkatidyetsa n'kutigoneka.

Kenako mu 1994 kunabwera pulaimale yaulere. Chaka chimodzi chokha ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Patapita zaka zochepa masukulu ophunzira patali a MCDE aja anasanduka ma CDSS, sekondale inafika kumudzi. Tsono taganiza, ana amene analowa Sitandade 1 mu 1994 lero ndi makolo, ana awo ndi amene akulemba MSCE. Kalembera wa 1987 anatipeza tili pafupifupi 8 miliyoni, wa 2018 anatipeza 17.5 miliyoni.

Mayunivesite awonjezeka inde. Mzuni inayamba kuphunzitsa mu 1999, Bunda inachoka mu UNIMA n'kukhala LUANAR, MUST ku Thyolo inalandira ana oyamba mu 2014, ndipo mu 2021 Poly inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala KUHeS. Tikawerenga timati aboma alipo 6. Koma kugawa kwa 2021 kuja kunali kugawa nyumba zimene zinalipo kale. Ana oyenera kulowa, a makirediti 6 kuphatikizapo English, akuchuluka msanga kuposa mipando. Mdzukulu wanga weniweni anatsala chaka choyamba, anamutenga chachiwiri. Mwana wa mlongo wakoyo sanalakwe kanthu, usamuyang'ane ndi diso lofiira.

Mayi wa geni, Mchesi:

Za bambo wa K300,000 uja, thawani! Ine anandidya ndalama yonse ya kaunjika mwana wanga atatsala. Ankayankhula bwino, mayina a maofesi akuwatchula ngati kwawo. Nditangotumiza pafoni, nambala inasiya kupezeka mpaka lero. Ngati kuli mayina owonjezera amatuluka poyera, aliyense n'kuwaona. Mufunseni kuti mukumane ku ofesi yakeyo masana muone ngati abwere.

Wophunzira wa chaka chachitatu, Bunda:

Malume, mwaiona Agriculture 2 ndi Biology 3 imeneyo? Bwanji LUANAR simunailembe ngakhale malo amodzi? Anthu amaganiza kuti kuno timangogwira khasu. Kuli agribusiness, nutrition, aquaculture, forestry, extension, zambiri. Masamu ndi Chemistry ali ndi makirediti, ndiye akhale pansi awerenge zofunika pa pulogalamu iliyonse aone pamene akukwanira. Geography 3 ndi Chichewa 1 zingamuthandizenso ku education, kaya ku UNIMA kaya ku Mzuni.

Ndipo satifiketi yake sinathe ntchito. NCHE imalandiranso amene analemba MSCE zaka zapitazi, osati a chaka chimenecho okha, ndipo chilengezo chimatchula zaka zake. Chikadzatuluka muwerenge chonse, osangothamangira fomu.

Chinanso muyambiretu kukonzekera: kusankhidwa si kutha kwa mavuto. Mahositelo sakwanira, ambiri timachita lendi kunja, a ku Chanco akuuzani za Chikanda kumene amachita lendi. Ngongole ya ku Loans Board amafunsira payokha ukasankhidwa, ndipo si onse amaipeza. Poti mayi ake anamwalira, musunge bwino mapepala otsimikizira zimenezo, adzafunika.

Bambo wa minibasi, Ndirande:

Ine ndikuti abwereze basi. Wanga anali ndi 22, anabwereza pa pulaiveti n'kupeza 13. Mwana wopeza 14 kusukulu yopanda labu, mukamuika poti zipangizo zilipo abweretsa single digit ameneyo.

Mphunzitsi wa sekondale, Kasungu:

Zimatheka bambo, koma si onse. Ndaonapo ana obwereza akukhoza moipa kuposa poyamba chifukwa mtima unasweka kale. Kubwereza kuli ndi phindu ngati mwanayo payekha akufunitsitsa za sayansi ndipo akudziwa kuti akukamenyana ndi Masamu, Physics ndi Chemistry, osati kukatsitsa 14 kuti aoneke bwino pakhoma. Ndipo fizi ya pulaiveti yabwino chaka chonse, kuphatikiza ya mayeso ku MANEB, muiwerengere kaye.

Namwino, Nkhoma:

Ngati mtima wake uli kuchipatala, khomo si la KUHeS lokha. Kuli Malawi College of Health Sciences, kulinso makoleji a mipingo, a CHAM, monga Nkhoma, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, Trinity ku Nsanje, Ekwendeni. A CHAM amenewa amalengeza paokha, sadutsa pa fomu ija. Ine ndinayamba ndi dipuloma, ndagwira ntchito, digiri ndikuchita panopa ndili ndi ana awiri. Za uphunzitsi kuli Domasi ndi Nalikule. Kungoti musamuike pa koleji iliyonse musanaone ngati ili yovomerezeka ndi NCHE, ndipo ya unamwino ikhale yodziwika ku Nurses Council, ena amaliza zaka n'kupeza pepala lawo silikulandiridwa.

Mayi wina, Area 25:

Ndawerenga ndemanga zonse. Aliyense akuuza malume chochita. Koma achimwene, mwalemba kuti "tinayamba ndi udokotala". Tinayamba ndani? Mwanayo anati akufuna chiyani? Fomu inali m'manja mwa ndani?

Membala wobisa dzina:

Mayi a ku 25, mwandigwira pakhosi. Ndinene zoona, foni inali m'manja mwanga. Iye anakhala pa mpando wa makasitomala, ine ndikutchula, iye akungoti "chabwino malume". Mlongo wanga anamwalira tikudikira dokotala, ndiye kuyambira kale ndinkangoti mwana ameneyu adzakhala dokotala, ndipo kumudzi konse anayamba kumuitana choncho.

Usiku wathawu ndinamuimbira kudzera pafoni ya aneba. Ndinamufunsa kuti iweyo ukanalemba wekha ukanalemba chiyani. Anakhala chete mpaka ndinayesa netiweki yathawa. Kenako akuti, "Malume, ine magazi ndimaopa. Tsiku lija agogo ankapha tambala ndinathawira kuseri." Zaka zonsezi osandiuza! Akuti amafuna za ulimi, ndipo dimba la tomato ndi kabichi limene ndimatumizira ndalama ya mbewu lija akulima ndi iyeyo, osati agogo ake monga ndinkaganizira.

Bambo wa K300,000 waimbanso m'mawa uno, ndamuuza tikumane ku ofesi yake, wadula foni. Zobwereza ndaziimika kaye. Mwanayu abwera Loweruka ndi basi ya m'mawa, satifiketi ili m'manja. Achimwene a ku Bunda, ndakulemberani ku inbox, mutithandize kuona mapulogalamu amene magiredi akewa akukwanira, ndipo ulendo uno foni agwira yekha. Amene akudziwa mwezi umene NRC (Natural Resources College ya LUANAR) imalengeza malo a dipuloma andiuzeko pansipa, tisadzaphonyenso. Sutikesi ija agogo ake akuti asungiramo mbewu ya nyemba, ndawauza atulutse isanalowe anankafumbwe.